Mailo Amene Anaoletsa Matimati a ku Ndake

Zikomo pondipatsa mpata. Ndalemba papepala chifukwa ndikaima pamaso pa anthu mau amandithawa, ndiye musadabwe ndikamayang'ana pansi. Ndine Idah, amake Taonga. Ndimakhala kuno ku Petauke koma kwathu ndi ku Ndake, ku Nyimba. Amai Daka, amene akukuphunzitsani sabata ino, ndiwo abwana anga kunchito. Anandipempha kuti ndikuuzeni mmene ndinaphunzilila kupanga mapulogalamu. Ndinawayankha kuti chimene ndingathe kukamba bwino ndi mmene ndinathawila nchitoyo. Anati kamba chomwecho.

Sukulu ndinalekela giledi seveni. Taonga atabadwa ndinkagulitsa tokutaimu yoimbila foni ndi makava a mafoni pa kashopu ka pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Anthu ankabwela ndi mafoni osokonekela, ine n'kuwakonzela osalankhula zambili. Amai Daka anandiona pamenepo n'kundiitana kumaphunzilo ngati ano. Anandibweleka laputopu n'kundionetsa AI, makina aja amene umawalembela chimene ufuna, iwo n'kukulembela khodi, malamulo amene kompyuta imatsatila. Miyezi yoyamba ndinkadzuka ndi chimwemwe. Makina sankandiseka Chizungu changa. Ndinkafunsa funso limodzi kasanu, osandiyang'ana ndi diso lija limene aphunzitsi ankandiyang'ana nalo.

Pulogalamu yanga yoyamba inali ya gulu la azimai olima matimati kwathu ku Ndake. Wapampando wao ndi amai Mumba, amene amapemphela tchalitchi chimodzi ndi amai anga. Nchito yake inali yosavuta. Mlimi amatumiza meseji pa foni kunena tsiku lothyola, pulogalamu imawelenga mesejiyo n'kuika mudzi wake pa mndandanda wa dilaivala, kuti galimoto yonyamula matimati ifike tsiku lotsatila kuthyolako. Ndikuilemba ndinaona mzele umodzi umene unandikayikitsa, wokhudza liu lakuti mailo. Ndinafunsa makina, anandiyankha motsimikiza, ine n'kuusiya. Ndibwelelako.

Pulogalamu inagwila, ndipo mbili inamveka. Anabwela oweta nkhuku, ogulitsa mbeu, a sukulu ya mkaka. Aliyense anali atamva kuti masiku ano zinthu izi zimapangidwa tsiku limodzi. Makina ankalemba mizele yodzaza sikilini ine ndisanamalize kapu ya tiyi. Poyamba ndinkawelenga mzele uliwonse ndi chala. Kenako ndinkawelenga mitu chabe. Pamapeto ndinkangodina kuvomela. Chikasweka ndinkakopela uthenga wofiila wosonyeza cholakwika n'kupatsa makina, iwo n'kupepesa mwaulemu, n'kukonza apa n'kuswa apo. Ndikati mwaswa apo, akuti mwanena zoona, n'kukonza apo n'kuswanso pomwe paja. Kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chinkandipsetsa mtima n'chakuti iwo satopa. Amapepesa kachikhumi ndi mau omwewo, osachita manyazi, pamene ine khosi lauma ndipo maso akuyabwa ngati mwalowa mchenga.

Tili ndi mnzathu wina kunchito, a Kelvin, wa ku yunivesite, amene amagwila nafe ali ku Lusaka. Lolemba lililonse timakumana naye pa foni. Tsiku lina amai Daka anandiyamikila kuti ndamaliza msanga. A Kelvin anaseka nati, "Idah ni kondakitala wabwino maningi. Dilaivala ni AI, iye amangomenya chitseko kuti tiyeni."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka. Sindikhulupilila kuti anali ndi cholinga choipa, koma liu lija linandikhala m'mutu. Kondakitala. Ndikamaliza pulogalamu sindinkamva kuti ndi yanga. Munthu akandifunsa kuti apa pakuchitika chiyani, mtima unkagunda ngati wakuba amene wafunsidwa lisiti. Ndinaleka kufunsa mafunso pamisonkhano kuopa kuti giledi seveni ingaonekele. Ndinaleka kukana nchito, chifukwa ndinkaganiza kuti liwilo ndi chinthu chokha chimene ndili nacho, ndipo tsiku limene ndidzachedwa adzazindikila kuti mwana aliyense wa foni angakhale pampando wanga.

Thupi linayamba kukana. Mutu tsiku lililonse. Mapilitsi a mutu ndinkawamwa ngati maswiti, n'kutsilizila ndi zakumwa za m'zitini zija zochotsa tulo. Ndinkaima kukhitchini n'kuiwala chimene ndadzela. Atate ake a Taonga, amene amanyamula anthu pa njinga yamoto, anandifunsa tsiku lina, "Nchito yokhala pansi pamthunzi itopetsa bwanji munthu? Tisinthane tione." Ndikanati chiyani? Iwo amabwela ndi fumbi looneka. Kutopa kwanga kunalibe fumbi.

Ndinene ichi ngakhale chimandichititsa manyazi. Loweluka lina ndikugwila nchito kunyumba, Taonga anabwela ndi manja a mango n'kugwila mabatani a laputopu. Anali ndi zaka zitatu. Ndinamumenya mbama mpaka anakhala pansi. Sanalile msanga. Anayamba wandiyang'ana. Ine ndinapukuta kaye mabatani ndisanamunyamule. Mumve bwino, ndinayamba ndi mabatani.

Kufika mwezi wa Okutobala ndinali nditaleka kuyankha mafoni. Foni ikalila ndinkadziwa kuti ndi nchito ina kapena dandaulo, ndiye ndinkaitembenuza n'kuisiya ilile chafufumimba.

Sabata ina mwezi umenewo netiweki inasowa ku Ndake Lolemba lonse. Nthawi zonse azimai ankatumiza meseji pasadakhale, kuti tizathyola mailo, ndipo zinkayenda bwino. Koma matimati anali atapsa ndipo sakanadikila netiweki. Anathyola Lolemba. Lachiwili m'mawa netiweki itabwela, amai Mumba anatumiza meseji kuti tinathyola mailo. Pulogalamu inawelenga liu lakuti mailo, limene kwathu limatanthauza dzulo komanso mawa, ngati tsiku lobwela. Inalemba kuti adzathyola Lachitatu, n'kuika galimoto Lachinai. Amai Mumba ataona kuti galimoto sikufika anaimbila dilaivala. Iye anati amatsatila mndandanda, afunse ku ofesi. Nambala ya ku ofesi imene anali nayo ndi yanga. Anaimba Lachiwili. Anaimba Lachitatu. Dzina lao ndinaliona likuwala, ndipo ndinatembenuza foni.

Lachinai masana dilaivala anaimbila amai Daka ine ndili pomwepo. Ndinamva mau ake akutuluka m'foni: mabokosi akudontha madzi, wogula sangalandile, azimai amuzungulila. Ndinadzuka ngati ndikupita kuchimbudzi n'kupitiliza mpaka kunyumba. Ndinalembela amai Daka kuti Taonga wadwala. Linali bodza. Laputopu ndinaiika pansi pa mabulangeti mu wadilopu. M'mawa mwake ndinabeleka Taonga n'kukwela minibasi ya ku Nyimba. Onani nzelu za munthu wotopa: kuthawa anthu a ku Ndake, n'kuthawila ku Ndake. Ndinkangofuna amai anga.

Ndinakhala m'nyumba mwao masiku asanu ndi limodzi osatuluka masana. Ndinkagona, n'kudzuka, n'kugonanso. M'mutu munali chiganizo chimodzi, chakuti zimene ndinkaopa zachitika, aliyense tsopano wadziwa kuti sindidziwa kanthu. Ndinali nditasankha kale kuti ndidzatumiza laputopu pa basi ndipo ndidzabwelela ku tokutaimu.

Tsiku lachisanu ndi chiwili m'mawa ndinamva belu la njinga pabwalo, kenako mau akupeleka moni kwa amai anga. Ndinabisala kuchipinda.

"Tuluka, Idah," anatelo amai Mumba. "Nsapato za ku tauni izi pakhomo si za amai ako."

Ndinatuluka n'kugwada. Sanayankhe moni wanga. Anatsamilitsa njinga ku khoma nati tiye. Tinayenda, iwo patsogolo, ine pambuyo, mpaka kuseli kwa madimba. Fungo linatipeza tisanafike. Anali atakhuthulila matimati onse m'dzenje limodzi. Pamwamba panali pouma ndi dzuwa, pansi pakuwila thovu, nchenche zili ng'aa. Nkhumba za eni ake zinali zitadya mpaka kukana.

"Miyezi itatu ya kuthilila na makheni," anatelo. "Azimai khumi na awili. Yang'ana, usayang'ane pansi."

Ndinayang'ana. Anatulutsa foni yao yosweka galasi m'chitenje, n'kufufuza, n'kundipatsa.

"Welenga mokweza."

"Tinathyola mailo. Mabokosi ali pamseu."

"Ni mailo ati amenewa? Apita olo akubwela?"

"Apita, amai."

"Waziba bwanji?"

"Mwalemba kuti tinathyola. Simunalembe kuti tizathyola."

"Ehe. Na Taonga angamve. Manje makina ako anaphunzila kuti Chinyanja?"

Ndikanatha kunena kuti makina analakwitsa n'kuthela pomwepo. Anali atandipatsa kale njila yothawila. Koma pakamwa panatuluka china. Ndinawauza za mzele uja. Makina anali atalemba kuti dzulo ndi tsiku lapita, mawa ndi tsiku lobwela, monga amalankhulila ku Malawi, ndipo pansi pake analemba kuti mailo ndi chimodzimodzi ndi mawa. Ine ndinaona. Ndinalemba funso kuti kodi mailo si tsiku lapitanso? Anandiyankha ndi Chizungu chosalala kuti m'Chinyanja cha ku Zambia mailo amatanthauza tsiku lobwela. Ndinaganiza kuti mwina m'mabuku zili choncho, mwina ife akumudzi ndife timasokoneza.

Amai Mumba ananditembenukila.

"Unaona?"

"Ninaona."

"Unafunsa?"

"Ninafunsa."

"Chinthu chamene sichinamwepo madzi a kuno chakuuza tanthauzo la mailo, iwe n'kuvomela."

"Ine giledi seveni chabe, amai."

"Giledi seveni yalowa bwanji apa? Mailo unaphunzila kusukulu iwe?"

Ndinayamba kulila, kulila konyansa kuja kwa mamina. Sanandigwile paphewa. Analandila foni yao n'kuibweza m'chitenje.

"Ise makina sitiwaziba," anatelo. "Sitinapatse makina matimati athu. Tinapatsa mwana wa pano, wamene amamva tikakamba. Koma cha makina ningaiwale. Chamene chinaniwawa ni foni. Ukanayankha Lachiwili n'kunena kuti amai zasokonekela, tikanapeza ngolo, tikanapeleka ku Nyimba pamseu, tikanagulitsa olo motchipa. Unatisiya tikudikila galimoto monga opusa."

Ndinati pepani.

"Misozi sinifuna. Pa Sondo tikumana tikatuluka m'tchalitchi. Ubwele ukambe wekha. Ine sinizakukambila."

Anabwelela kukatenga njinga yao. Ine ndinatsala padzenje paja kanthawi. Masiku onse aja ndinkadziuza kuti ndagwa chifukwa sindidziwa kanthu. Pamenepo ndinaona kuti matimati aola pa chinthu chimene ndinkachidziwa bwino kuposa makina, kuposa a Kelvin ndi yunivesite yao. Ndinachidziwa, ndinachiona, n'kuchimeza. Sizinanditonthoze. Zinandikwiyitsa, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene unandidzutsa.

Lamulungu ndinapita. Inu mukundiona pano ndikuwelenga papepala, ndiye ganizilani tsiku lija. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa tchalitchi n'kufotokoza zonse, za mzele ndi za foni. Mai wina anati, "Manje galimoto izabwela mailo olo inabwela mailo? Tifunseni a kompyuta." Anaseka, koma sikunali kuseka kwa chikondi. Wina anangonyamula mpando wake n'kupita. Anagwilizana kuti pulogalamu aisiya, abwelela kumaimbila dilaivala okha. Ndinapita ndikuyembekeza kuti ndikapepesa andikhululukila pomwepo. Sizinatelo, ndipo anali ndi ufulu.

Lolemba ndinabwelela ku Petauke n'kupita ku ofesi ndi laputopu m'manja. Amai Daka ali pano, angatsutse ngati ndikunama. Za matimati sanakalipe kwambili. Anakalipa za bodza.

"Mwana sanamizilidwa matenda, Idah. Ine ninagona nikupemphelela Taonga."

Kenako anati naonso anali ndi mbali yao, chifukwa ankalandila nchito iliyonse poona kuti ine sindikana. Anandifunsa kuti mapulogalamu amene ndingawafotokoze mzele ndi mzele ndi angati. Ndinati palibe. Anatseka maso. Anandichotsela onse kusiya awili, nati, "Yamba na ya matimati, olo eni ake saifuna."

Ndinagula buku la masamu la ana asukulu n'kukopelamo mameseji onse amene azimai anatumizapo, monga anawalembela, ena Chinyanja, ena Chinsenga, ena zosakaniza, ena opanda mipata. Pambali pa iliyonse ndinalemba ndi dzanja langa tsiku limene mwini wake ankatanthauza. Bukulo ndilo mayeso a pulogalamu tsopano. Ikalephela meseji imodzi ya m'bukumo siituluka mu ofesi. Makina anandiuza kuti angathe kuiphunzitsa kusiyanitsa tinathyola ndi tizathyola. Ndinayesa, ndipo inakhoza zambili, koma inagwa pa meseji ya mai wina amene analemba mau awili okha: matimati mailo. Pamenepo ngakhale ine sindikanadziwa. Ndiye ndinalamula kuti pulogalamu isamalote. Ikaona mailo izibweza funso: mwathyola kale, dinani 1, simunathyole, dinani 2. Makina anati njila imeneyi ndi yochedwa. Ndinati ndamva, chitani zimene ndanena. Kanali koyamba kuwayankha choncho, ndipo ndinamva ngati ndayankha mwano kwa apongozi.

Masiku ano sindiwalola kulemba zambili nthawi imodzi. Ndimapempha kachidutswa kamene ndingawelenge tiyi asanazizile. Ndikamaliza ndimadzifotokozela m'Chinyanja, mokweza, ngati amai Mumba aima kumbuyo kwanga. Ndikakakamila pakati, sindivomela. Akaswa chinthu chimodzi katatu ndimatseka laputopu n'kuyenda mpaka kumsika ndi kubwelela, chifukwa ndinaona kuti kachinai si iwo amene akuzungulila, ndine.

Ndinapita kuchipatala za mutu uja. Anandiletsa zitini, anandidzudzula za mapilitsi, n'kundipeza kuti maso akufuna magalasi, awa mukuwaonawa. Ikakwana 17 koloko madzulo laputopu imatsala ku ofesi, siilowanso m'nyumba mwanga. Taonga anatenga miyezi kuti aleke kubisa manja kumbuyo akaona chikwama cha laputopu. Chimenecho sindinachikonze ndi khodi, ndipo sindinganene kuti chinatha.

Foni ndimayankha. Mtima umagundabe ikalila, koma ndimayankha, ngakhale kungonena kuti sindidziwa, ndikuimbilani ikakwana 14.

Musaganize kuti tsopano zonse ndi zokoma. Ndine wochedwa kuposa kale, ndipo gulu lina linatichokela kupita kwa munthu amene anawalonjeza pulogalamu m'masiku awili. Makina akadali onama mwaulemu. Mwezi wathawu ndinatsegula nchito yatsopano, ndipo anandilembelanso kuti mailo ndi mawa, ngati palibe chinachitika. Iwo dzenje lija sanalinunkhe. Ndinakhala ndikuyang'ana mzele umenewo mano ali gwa. Masiku ena ndimadzukabe ndi maganizo aja akuti ndine wakuba pampando wa eni ake. A Kelvin amanditchabe kondakitala. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwayankha kuti dilaivala wathu ni mlendo, sadziwa pamene anthu amatsikila. Anaseka nati, "Yaba, Idah wayamba kukamba." Sabata yotsatila ananditumizila mameseji a alimi a pulogalamu yao kuti ndiwaonele.

Ndikuona ena mwa inu mwakhala kumbuyo monga ndinkakhalila ine, ndipo chiyambile Lolemba simunafunse funso. Sindikuuzani kuti musiye makina. Popanda iwo ine ndikanakhala ndikugulitsabe makava. Koma tsiku lina adzakuuzani chinthu chokhudza kwanu, chilankhulo chanu, mmene amai anu amagulitsila kapena mmene anthu amalembela akafulumila, ndipo m'mimba mwanu mudzamva kuti ayi. Adzachinena ndi Chizungu chabwino kuposa chanu. Musachimeze. Ndipo mukaona kuti mwayamba kutembenuza foni, uzani munthu sabata yomweyo, musadikile dzenje.

Azimai a ku Ndake anakhala nyengo yonse osagwilitsa nchito pulogalamu. Sindinawapemphe. Ndinkangopita kamodzi pamwezi kukaona amai anga, n'kudutsa kumadimba kupeleka moni, ena n'kuyankha, ena ayi. Mwezi wa Juni, m'mawa wina ndili ku ofesi, meseji inalowa kuchokela ku nambala imene ndimaidziwa pamtima. Inati tinathyola mailo. Pulogalamu inabweza funso lake lija, dinani 1 kapena 2. Ndinakhala ndikuyang'ana sikilini. Amai Mumba sanadine 1, sanadine 2. Analemba kuti: "Uza Idah tinathyola kudala, aleke kufunsa monga mlendo."

Kudala kwathu ndiye kuti kale, koma pulogalamu sinamve. Inachita zimene ndinaiuza kuti izichita ikapanda kumva, inaliza foni yanga. Ndinayankha isanalile kachiwili, n'kuimbila dilaivala ndekha. Galimoto inafika ku Ndake tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, ndipo meseji ija ndinaikopela m'buku langa, pa tsamba lomaliza.